Alangizi oyendera mabanja ndi thandizo losamalira ana kwa eni nthaka a ku America: zimene gogo anaona ndi maso ake

Mwana wanga wamwamuna anakwatira mkazi wa fuko limodzi mwa mafuko a eni nthaka a kumwera chakumadzulo kwa United States, ndipo popeza anthu a fuko limeneli amatsata mzere wa kuchikazi monga momwe amachitira a Navajo ndi a Hopi, iye anapita kukakhala kwawo kwa mkazi, pafupi ndi apongozi ake. Ine Mchewa sindinavutike kumvetsa kuti mwana wanga tsopano ndi mkamwini, ndipo kuti adzukulu anga ndi mbumba ya eni mudzi. Mpongozi wanga atatsala mwezi umodzi kuti achire, ndinatenga tchuthi kuntchito yanga yowerengera ndalama n'kupita kukadikirira, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikupitako kawirikawiri kwa zaka ziwiri. M'zaka zimenezi banjali lathandizidwa ndi ntchito ziwiri zimene ndalama zake zimachokera ku boma lalikulu la ku Washington koma zimayendetsedwa ndi fuko lenilenilo. Yoyamba ndi ya alangizi amene amayendera amayi oyembekezera ndi a ana aang'ono m'makomo mwawo, ndipo yachiwiri ndi yothandiza makolo kulipira malo kapena munthu wowasamalira mwana iwo akapita kuntchito. Ntchito yoyamba ndinaikonda kwambiri, yachiwiri ndinaikonda pang'ono, ndipo malangizo a boma amene amabwera pamodzi ndi ndalamazo ndinawaona kuti ndi olemera kuposa mapewa amene amawasenza.

Pali mawu amodzi amene amasokoneza, ndipo ndi bwino kuwachotsa panjira. M'malamulo a United States anthu amenewa amatchedwa Indian, koma alibe ubale uliwonse ndi amwenye amene timawadziwa ife. Iwo ndi anthu amene azungu anawapeza m'dzikomo, n'chifukwa chake ndikuwatcha eni nthaka. Boma limavomereza mafuko opitirira 570, ndipo oposa 220 mwa amenewa ali ku Alaska kokha. Fuko lovomerezeka limatengedwa ngati boma palokha, lokhala ndi atsogoleri ake, ndipo ambiri ali ndi makhothi ndi apolisi awo. Pakati pa 1778 ndi 1871 boma la America linasainirana ndi mafukowa mapangano pafupifupi 370, mmene iwo anataya malo aakulu ndipo boma linalonjeza zinthu monga chitetezo, maphunziro ndi chithandizo cha zaumoyo. Chifukwa cha mbiri imeneyi, ogwira ntchito kumeneko sakondwa akamva munthu akunena kuti ndalamazi ndi mphatso. Kwa iwo ndi ngongole imene ikubwezedwa mwapang'onopang'ono, ndipo mochedwa.

Tsiku loyamba limene mlangizi anabwera ine ndilipo, amene anandidabwitsa sanali mlangiziyo koma asewere anga. Mayi amenewa ndi ansangala ndiponso okonda nthabwala, koma tsiku limenelo anakhala phee pampando wa pafupi ndi khomo, manja ali pamiyendo, osalawa ngakhale khofi amene anali ataphika okha. Madzulo tikutsuka mbale ndi pamene anandiuza kuti amayi awo anatengedwa ali aang'ono kupita kusukulu yogonera komweko, kumene anawameta tsitsi ndi kuwaletsa kulankhula chilankhulo chawo, ndipo kuti m'banja mwawo galimoto yachilendo ikaima pakhomo pamene pali mwana, mtima umayamba wagunda munthu asanaone amene watsikamo. Zimene ananenazi si nkhani ya banja limodzi. Sukulu yotchuka kwambiri ya mtundu umenewu inatsegulidwa ku Carlisle m'chigawo cha Pennsylvania mu 1879, ndipo kafukufuku amene unduna woona za malo ndi za eni nthaka, umene panthawiyo unkatsogoleredwa ndi Deb Haaland, unamaliza mu 2024 anapeza sukulu 417 zimene boma linkayendetsa kapena kuthandiza, mmene munafera ana osachepera 973. Lamulo loteteza ana a eni nthaka la Indian Child Welfare Act lisanakhazikitsidwe mu 1978, ana a eni nthaka 25 mpaka 35 pa ana 100 alionse ankachotsedwa m'mabanja mwawo, ndipo ambiri ankakaleredwa ndi anthu a mitundu ina. Pulezidenti Joe Biden anapepesa chifukwa cha sukulu zija mu Okutobala 2024 ali kwa anthu a ku Gila River ku Arizona. Munthu amene akufuna kuweruza ntchito yoyendera mabanja pakati pa anthu amenewa ayenera kuyambira pampando wa pakhomo uja, chifukwa ntchitoyi ikupempha mabanja kuti atsegulire chitseko munthu wolipidwa ndi ndalama za boma lomwelo.

Chimene chimapulumutsa ntchitoyi n'chakuti wogogoda pachitsekoyo ndi mwana wa m'mudzi momwemo. Mlangizi wathu sanali namwino kapena dokotala. Anali mayi wa ana atatu amene anaphunzitsidwa ntchitoyi, ndipo asanatsegule n'komwe chikwama chake anayamba wadzitchula mfunda wake ndi wa makolo ake m'chilankhulo chawo, moti zinapezeka kuti pachibale chawo iye ndi mng'ono wa asewere anga. Anafotokoza kuti kulowa m'ntchitoyi n'kosakakamiza ndiponso n'kwaulere, kuti mpongozi wanga angathe kusiya tsiku lililonse limene wafuna, ndipo sanabise kuti atapeza mwana ali pangozi yeniyeni lamulo limamukakamiza kukanena. Kunena zimenezi poyera pa tsiku loyamba ndinakuona kukhala chinthu chanzeru, pakuti ndi zimene aliyense m'chipindamo ankaganiza koma osazitchula. Kenaka anaimika pathebulo kabuku kazithunzi kotembenuza, zithunzi zake zikuonetsa anthu ofanana ndi eni nyumba, ndipo phunziro linatenga pafupifupi ola limodzi. Anandikumbutsa alangizi a zaumoyo a kumudzi kwathu, oyenda pa njinga ndi sikelo yopachika pamtengo, kungoti uyu ankabwera kwa mayi mmodzi yekha ndipo anali ndi nthawi yokhala pansi.

Maphunziro amene ankagwiritsa ntchito ndi a Family Spirit, amene anakonzedwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Johns Hopkins mogwirizana ndi anthu a Navajo, a White Mountain Apache ndi a San Carlos Apache. Ali ndi mitu 63 yoyambira pamene mayi ali woyembekezera mpaka mwana atakwanitsa zaka zitatu, ndipo maulendo amayamba pafupipafupi n'kumatalikirana mwana akamakula. Maphunzirowa anayesedwa pa atsikana 322 amene anatenga pakati asanakwanitse zaka 20, ndipo anapeza kuti amene ankayenderedwa ankadziwa zambiri za kulera, anali ndi zizindikiro zochepa za matenda a maganizo, ankagwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo mocheperapo, ndiponso ana awo anali ndi mavuto ochepa a khalidwe. Mafuko ena anasankha njira zina monga Parents as Teachers kapena Nurse-Family Partnership, zimene zinayambira pakati pa anthu ena ndipo zimafunika kuzisoka mwatsopano kuti zikwane. Ubwino wa maphunziro amene tinalandira ife n'ngwakuti sanachite kusokedwanso.

Phunziro limene sindidzaiwala ndi limene linandichititsa manyazi ine. Khanda litakwanitsa milungu iwiri kunja kunkazizira kwambiri, ndipo ine, monga ndinaleredwera, ndinaligoneka pabedi la amayi ake n'kulifunditsa mabulangete awiri, chipewa chili kumutu, kwinaku ndikudzitama mumtima kuti ana a masiku ano sadziwa kusamala mwana. Mlangizi atafika sanandidzudzule. Anandifunsa mwaulemu kuti kwathu khanda timaligoneka bwanji, anamvetsera mpaka nditamaliza, kenaka anandipempha kuti ndigwire kumbuyo kwa khosi la mwanayo, ndipo ndinapeza kuti kuli thukuta. Anafotokoza kuti makanda a eni nthaka amamwalira mwadzidzidzi ali m'tulo kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi makanda a azungu, ndipo kuti kutentha kwambiri, zofunda zofewa, utsi wa fodya ndi kugona chafufumimba ndi zina mwa zimene zimawonjezera ngoziyo. Atatero anatembenukira kwa asewere anga n'kuwafunsa ngati kathabwa komangirapo khanda kamene anakulirapo mpongozi wanga kakadalipo. Kanalipo, kali pamwamba pa kabati. Anakatsitsa, anakapukuta, ndipo asewere anga anatisonyeza mmene amagonekerapo mwana chagada n'kumumanga ndi zingwe zachikopa mosathinitsa. Malangizo a madokotala akuti khanda ligone chagada pamalo olimba ndi akeake anakumana ndi mwambo wa eni mudzi pa kathabwa kameneko, ndipo kuyambira tsiku limenelo asewere anga anasiya kukhala pakhomo, anayamba kukhala pathebulo. Ine ndinapinda mabulangete anga mwakachetechete.

Sikuti maulendo onse anali a maphunziro okha. Mwezi wachiwiri mlangizi anafunsa mpongozi wanga mafunso khumi okhudza tulo, kulira ndi nkhawa, ndipo mayankho atasonyeza kuti zinthu sizili bwino, sanangomusiyira nambala ya foni ayi, koma anaimba yekha kuchipatala n'kumupezera tsiku, ndipo pa ulendo wotsatira anafunsa ngati anapitadi. Ankakumbutsa za katemera, ankalimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi mpaka miyezi isanu ndi umodzi, ankayesa ngati mwana akutembenuka, kukhala ndi kugwira zinthu pa nthawi yake, ndipo nthawi zina ankabwera ndi matewera kapena kabuku ka ana ka m'chilankhulo chawo. Kuti munthu amvetse kufunika kwa zimenezi ayenera kudziwa kukula kwa madera amenewa. Dera la a Navajo lokha ndi lalikulu kuposa theka la dziko la Malawi, ndipo pafupifupi nyumba imodzi mwa zitatu zilizonse kumeneko ilibe madzi a m'mipope. Kwa mpongozi wanga kupita kuchipatala ndi ulendo wa theka la tsiku, pamsewu umene mvula ikagwa umasanduka matope. M'malo otere munthu wobwera yekha pakhomo ndi wamtengo wapatali.

Tsopano ndibwere ku ndalama, kumene ntchito yanga imandikokera. Ntchito yoyendera mabanja imeneyi inakhazikitsidwa mu 2010 m'lamulo la zaumoyo la nthawi ya Pulezidenti Barack Obama, ndipo imadziwika ndi chidule chakuti MIECHV. Poyamba inapatsidwa madola 1.5 biliyoni a zaka zisanu, ndipo lamulo linapatula 3 peresenti kuti ikhale ya mafuko. Kwa zaka zambiri thumba lonse linkakhala madola 400 miliyoni pachaka, kutanthauza kuti mafuko onse a m'dzikomo ankagawana madola 12 miliyoni okha. Kumapeto kwa 2022 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano lotchedwa dzina la phungu Jackie Walorski wa ku Indiana, amene anamwalira pangozi ya galimoto chaka chomwecho, ndipo gawo la mafuko linakwera kufika pa 6 peresenti pamene thumba lonse linakwera kufika pa madola 500 miliyoni, ndi chiyembekezo chakuti lidzafika pa 800 miliyoni mu 2027. Motero gawo la mafuko linachoka pa 12 miliyoni kufika pa 30 miliyoni m'chaka chimodzi. Kukwera kumeneku n'kwenikweni ndipo n'koyamikirika, koma kukuoneka kwakukulu makamaka chifukwa chakuti poyambirapo panali pansi kwambiri.

Vuto langa lalikulu ndi mmene ndalamazi zimagawidwira. Zigawo za dzikolo zimalandira gawo lawo potsata chiwerengero, pamene mafuko amachita kupikisana polemba makalata ofunsira thandizo ku nthambi ya boma yotchedwa Administration for Children and Families. Ndalama zisanawonjezedwe, mafuko ndi mabungwe amene ankalandira anali osakwana 30, ndipo ngakhale ena mwa iwo amatumikira mafuko angapo nthawi imodzi, n'zoonekeratu kuti mabanja ambiri sanaonepo mlangizi. Mpikisano wa makalata umakomera amene ali kale ndi anthu odziwa kulemba makalatawo, ndipo fuko laling'ono limene mlembi wake mmodzi ndi yemwenso amayang'anira za nyumba, za okalamba ndi za sukulu limagonja lisanayambe n'komwe. Mpongozi wanga anayenderedwa chifukwa chakuti anabadwira mbali yoyenera ya malire, pamene msuweni wake wokwatiwa kudera lina sanapeze mwayi wotere.

Pa malangizo a boma pali chinthu chimodzi chimene ndinachiona kuti anachiganiza bwino. Fuko likapambana, limapatsidwa nthawi kumayambiriro yoti lifufuze zosowa za anthu ake ndi kukonza dongosolo lisanayambe kugogoda m'makomo, ndipo popeza njira zambiri zotchuka sizinayesedwe pakati pa eni nthaka, mafuko amaloledwa kusankha njira imene ikuoneka yodalirika ngakhale umboni wake usanakwane. Koma kumbali ya malipoti katundu ndi wolemera. Lamulo limatchula madera asanu ndi limodzi amene ayenera kuyezedwa, kuyambira pa umoyo wa mayi ndi khanda, kuvulala ndi kuzunzidwa kwa ana, kukonzekera sukulu, nkhanza za m'banja, chuma cha pabanja, mpaka kulumikiza mabanja ndi thandizo lina. Ine sindidana ndi kuwerengera, ndiko kumandidyetsa, koma ndinaona masiku ena theka la ulendo likuthera pa mafomu, mlangizi akupepesa pofunsa funso limene anafunsa kale miyezi itatu yapitayo, khanda likulira, ndipo phunziro likufupikitsidwa kuti akafike kubanja lotsatira dzuwa lisanalowe. Mafunso ena, monga a ndalama zimene banja limapeza, sagwirizana ndi pakhomo pamene anthu a mibadwo itatu amadyera mumphika umodzi, wina akusoka, wina akuweta nkhosa, wina akulandira ndalama za ukalamba.

Chokhumudwitsa kwambiri chinachitika mwana ali ndi miyezi 14, pamene mlangizi wathu anasiya ntchito chifukwa anapeza ina ya malipiro abwinopo. Sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono, nayenso ali ndi ana. Koma ofesi inatha miyezi itatu isanatumize wina, ndipo sinatiuze chilichonse mpaka mpongozi wanga ataimba yekha kawiri. Wachiwiriyo ndi mtsikana wakhama, koma anachita kuyambira pansi, ndipo zinthu zimene mpongozi wanga anaululira woyamba uja sanafune kuzibwerezanso. Ntchito imeneyi yonse yagona pa kukhulupirirana kwa anthu awiri, ndipo ndalama zobwera m'magawo a zaka zisanu sizimangitsa mtima wa wogwira ntchito pansi. Lamulo lake linathapo mphamvu kumapeto kwa Seputembala 2017 ndipo linakonzedwanso mu Febuluwale 2018, moti kwa miyezi imeneyo palibe amene akanalonjeza mlangizi aliyense za tsogolo lake. Lamulo lomwe lilipoli likuthera mu 2027.

Ntchito yachiwiri tinakumana nayo pamene mpongozi wanga ankabwerera kuntchito. Ndalama zothandizira kusamalira ana zimachokera m'thumba lotchedwa Child Care and Development Fund, lozikidwa pa lamulo la mu 1990 limene linakonzedwanso mu 2014. Apa mafuko sapikisana, ndipo ndi ubwino wake woyamba. Lamulo limati apatsidwe zosachepera 2 peresenti ya ndalama zimene nyumba ya malamulo imavomereza chaka ndi chaka, ndipo fuko lililonse limalandira malinga ndi chiwerengero cha ana ake osakwana zaka 13. Fuko lokhala ndi ana osafika 50 liyenera kuphatikizana ndi anzake kuti lilandire, ndipo maofesi amene amayendetsa ndalamazi m'dziko lonse alipo pafupifupi 260. Mwana wa eni nthaka ali ndi ufulu wofunsira thandizo ku fuko lake ngakhalenso ku chigawo chimene akukhala, mfundo imene makolo ambiri saidziwa ndipo ifenso tinaimva kwa mlangizi, osati kuofesi imene inayenera kutiuza.

Kulembetsa sikunali kovuta monga ndinkaopera. Anafuna chikalata chotsimikizira kuti mwana ndi wa fukolo, makalata a malipiro a makolo onse awiri ndi umboni wa maola awo a ntchito, ndipo pasanathe mwezi tinavomerezedwa. Chovuta chinali chakuti chilolezo chinalipo koma malo panalibe. Sukulu ya mkombaphala ya fukolo ndi yaukhondo, ili ndi aphunzitsi okoma mtima, ana amaimba ndi kuwerenga m'chilankhulo chawo, koma chipinda cha makanda chili chimodzi ndipo mndandanda wa odikira unali wautali moti anatiuza mosabisa kuti mwana angayambe kuyenda dzina lake lisanafike pamwamba. Thandizo lolipirira malo amene kulibe lili ngati kupatsa munthu ndowa kudera kopanda chitsime.

Chimene chinatipulumutsa ndi mfundo ina ya m'malangizo omwewo, yakuti wachibale monga agogo, azakhali kapena amalume angathe kulembetsedwa kukhala wosamalira mwana n'kumalipidwa kuchokera m'thumba lomwelo, ndipo ofesi ili ndi mphamvu yowapeputsira ena mwa malamulo amene amamanga sukulu zikuluzikulu. Asewere anga analembetsa, anakaphunzira za chithandizo choyamba ndi kagonekedwe ka khanda, munthu wa kuofesi anabwera kudzaona nyumba, ndipo anayamba kulemba maola papepala mwezi ndi mwezi. Ndivomere kuti poyamba zinandinyansa. Kwathu gogo salipidwa polera mdzukulu, ndipo ndinaona ngati ndalama yalowa pamalo pamene siyenera kulowa. Nditawauza maganizo angawa, iwo anaseka n'kundiyankha kuti, "Asewere, ine mdzukuluyu ndikanamulera ndi kale, koma ndikanasiya ntchito yanga ya kukhitchini ya kusukulu, ndiye magetsi akanalipira ndani?" Ndinasowa choyankha. Ndalamayo sigula chikondi cha gogo, imangobweza pang'ono zimene gogoyo wataya posiya ntchito, ndipo zotsatira zake n'zakuti mdzukulu wanga amakhala tsiku lonse ndi munthu wolankhula naye chilankhulo chimene amayi a munthuyo anamenyedwera. Pa mfundo zonse za m'malangizo a boma, imeneyi ndi imene ndingaiteteze ndi mphamvu zanga zonse. Malipiro ake okha ndi ochepa, ndipo kawiri anachedwa ndi milungu ingapo popanda wotifotokozera chifukwa.

Malangizo ena ali ndi nzeru zooneka. Kuyambira mu 2016 mafuko anagawidwa m'magulu atatu malinga ndi ndalama zimene amalandira: olandira zosakwana madola 250,000, olandira kuyambira pamenepo mpaka 1 miliyoni, ndi olandira zoposa 1 miliyoni, ndipo aang'ono anapeputsiridwa malamulo ambiri. Fuko lililonse limalemba dongosolo lake zaka zitatu zilizonse. Mosiyana ndi zigawo, mafuko amaloledwa kugwiritsa ntchito ndalamazi pomanga kapena kukonzanso nyumba zosamaliramo ana akapempha chilolezo, ndipo lamulo lina la mu 1992, lodziwika ndi nambala yakuti 477, limalola fuko kuphatikiza ndalama zimenezi ndi za maphunziro a ntchito m'dongosolo limodzi ndi lipoti limodzi. Mu Novembala 2024 boma linalola mafuko onse, ngati afuna, kuthandiza ana awo mosayang'ana ndalama zimene makolo amapeza, ndipo kumayambiriro kwa chaka chomwecho linali litachita chimodzimodzi ndi sukulu za mkombaphala za mafuko zotchedwa Head Start. Kusintha kumeneku kumalemekeza ufulu wa fuko wodzisankhira amene lingamuthandize, koma pakokha sikuwonjezera khobidi lililonse m'thumba, ndiponso sikumanga chipinda chachiwiri cha makanda. Chitseko chakulitsidwa, nyumba ili momwe inalili, ndipo chilolezo chomanga chimakhala ndi tanthauzo kwa fuko lokhalo limene gawo lake ndi lalikulu mokwanira kumangira khoma.

Palinso nkhani ya amene amayankha foni. Malangizo olembedwa ndi ambiri, koma ofesi yaing'ono imadalira munthu wa boma amene ingamuimbire ikakakamira pa funso. Mu Epulo 2025 unduna wa zaumoyo unatseka maofesi asanu mwa maofesi ake khumi a m'zigawo, ku Boston, New York, Chicago, San Francisco ndi Seattle, ndipo ntchito yawo inasamutsidwira kwa otsalawo. Kwa munthu amene wagwirapo ntchito ya malipoti, tanthauzo la zimenezi ndi lodziwika: wodziwa mbiri ya fayilo yako akachoka, mafunso osavuta amayamba kutenga nthawi yaitali. Ndi dongosolo losagwirizana kufuna malipoti ambiri kwa anthu ochepa kwinaku ukuchepetsa amene angawathandize kulemba malipotiwo.

Gulu lina limene ntchito ziwirizi zimalisamalira mosiyana ndi la eni nthaka okhala m'mizinda. Oposa 70 pa anthu 100 alionse a mitundu imeneyi amakhala m'matauni, ena chifukwa cha ndondomeko ya boma ya m'zaka za m'ma 1950 imene inkawalimbikitsa kusamukira kumizinda monga Los Angeles, Denver ndi Chicago. Pa ntchito yoyendera mabanja, mabungwe a eni nthaka a m'mizinda amaloledwa kufunsira thandizo, ndipo ena amalandira. Pa ndalama zosamalira ana zinthu n'zosiyana, chifukwa nthawi zambiri fuko limatumikira ana okhala m'dera lake kapena pafupi nalo, ndipo banja limene lasamukira kutali kukafuna ntchito limakalowa pamzere wa chigawo pamodzi ndi wina aliyense. Mwana wanga ndi mkazi wake anaganizapo zosamukira kutauni kumene iye akanapeza ntchito yabwinopo, ndipo atawerengera zimene akanataya, kuphatikizapo agogo ndi mlangizi, anaganiza zoyamba adikira.

Kwa Amalawi anzanga amene anakwatira kapena kukwatiwa m'mabanja otere, ndiponso kwa anamwino ndi aphunzitsi athu amene amagwira ntchito m'madera amenewa, ndinganene kuti ngati fuko lili ndi alangizi oyendera mabanja, mayi alembetse akadali woyembekezera osadikira kuti achire, chifukwa maulendo oyambirira ndi amene amamanga ubwenzi. Pa thandizo losamalira ana, alembetse dzina pamndandanda wa sukulu mwana asanabadwe, afunsire ku fuko ndi ku chigawo komwe, ndipo afunse mwachindunji za kulembetsa wachibale, pakuti si ofesi iliyonse imene imayamba yokha kutchula zimenezo. Asunge makope a pepala lililonse la maola limene apereka, chifukwa malipiro akachedwa ndi mapepala amenewo amene amalankhula. Mdzukulu wanga wakwanitsa zaka ziwiri tsopano, mlangizi wachiwiri amabwera kamodzi pa miyezi iwiri, ndipo dzina la mwanayo linafika pamwamba pa mndandanda wa sukulu ija mwezi watha, m'chipinda cha ana oyenda kale. Asewere anga apempha kuti azipitako masiku atatu okha pamlungu, awiri otsalawo azikhalabe nawo kunyumba, ndipo ofesi yati iyankha ikaona ngati malamulo akulola kugawa maola motero.